Nyumba Imene Inatsala ku Halvor

A Orest Demkiw anabadwira ku Halvor, m'zigwa za ku Saskatchewan, kudakali nkhokwe zitatu za tirigu, sukulu, ndi sitima yoima kawiri pa sabata. Ntchito yawo inali yosamutsa nyumba. Poti n'zamatabwa, ankangolowetsa zitsulo zazitali kunsi, kukweza ndi majeke, lole n'kukoka.

Njanji itatsekedwa ntchito inawachulukira. Banja likamapita kutauni linkatenga ndi nyumba yomwe. Ananyamula ya aphunzitsi, ya wosula zitsulo, kenako tchalitchi. Anthu ankawanena kuti ameza mudzi. Iwo ankangoseka nawo, koma anasiya kudutsa mumsewu waukulu, mmene munangotsala maenje ndi masitepe asimenti osalowera kulikonse.

Pamene ankakwanitsa zaka 71, utsi unkafuka pa nyumba imodzi yokha, yawo ndi akazi awo a Stella. A Stella impso zinali zitafooka, moti ankapita kukatsukidwa magazi katatu pa sabata, ulendo wa maola awiri. Akajomba kamodzi miyendo inkatupa, mpweya n'kumavuta. Tsono chisanu chikamatha, chipale n'kusungunuka, msewu wa ku Halvor umasanduka phala kwa milungu ingapo. Dokotala sanapsatire: asamukire kutauni, matope asawapeze kumudzi.

"Kupita ndipita," anatero a Stella, "koma ndi nyumba yanga. Mwanyamulira mudzi wonse. Ine ndinakulakwirani chiyani?"

A Orest anangoti chabwino. Panali chimene sanauzepo munthu. Mtanda wakunsi kwa nyumba yawo, mbali ya khitchini, unali utawola kalekale. Ankati adzakonza akapeza mpata, ndipo mpatawo unkathera pa nyumba za eni. Nthawi nayo inali itatha. Nyumba imayenda nthaka ikadali youma gwa ndi kuzizira, koma masana chipale chinali chitayamba kusungunuka, madzi n'kumadontha padenga.

Anaitana a Lorne Haugen, mnzawo amene anagwira naye ntchitoyi zaka makumi atatu. A Lorne anakwawira kunsi, n'kubaya mtandawo ndi sikuludiraiva. Inalowa yonse mpaka chogwirira.

"Orest, uwu ndi mtanda kapena buledi?"

"Tsitsa mawu, ali pawindo."

"Sunawauze alamu?"

"Ndiwauza."

"Liti? Ikawagwera? Mmisiri wamkulu, kwanu kukugona pa utuchi."

"Tikweza pang'onopang'ono. Mwina ipirira."

"Mwina," anatero a Lorne, akusasa mawondo. "Ine ndikhala mbali inayo."

Tsiku lokweza, a Stella anakhala m'galimoto atafunda bulangete, akuonerera. Majeke anayamba kukwera. Mbali yakumaso inanyamuka bwinobwino, kunsi kwake kukuoneka kuwala. A Orest sankayang'ana majeke. Anatsamira khutu pakhoma la khitchini, dzanja lili m'mwamba. Poyamba kunali zii. Kenako khomalo linalira ngati chitseko chakale, mng'alu n'kutsika kuchokera kudenga, galasi la windo n'kusweka.

Anatsitsa dzanja, a Lorne n'kuimitsa majeke.

Mtunda wopita pagalimoto unali waufupi, koma anauyenda ngati akupita kukapepesa maliro. Anavula chipewa asanatsegule chitseko.

"Mayi, khitchini siyenda. Mtanda unawola. Ndinkadziwa."

A Stella anawayang'ana.

"Mumayesa ine sindinkadziwa? Zaka khumi ndakhala ndikuthamangitsa mazira pathebulo, onse akugubudukira kukona imodzi. Ndimadikira kuti munene nokha."

"Tikakakamiza, ikoka nyumba yonse."

"Nanga mukaidula, zotsalazo zikafika?"

"Zikafika."

"Musandinamize kawiri, bambo."

A Orest anayang'ana msewu. M'mbali mwake munali mutayamba kuda ndi chinyezi.

"Zikafika tikanyamuka lero. Mawa sindikulonjeza."

A Stella anayang'ana kunyumbako. Khitchiniyo ndi imene analereramo ana anayi, ndipo pa mphuthu ya chitseko panali timizere tosonyeza mmene aliyense ankakulira.

"Mphuthuyo muzule," anatero. "Kwinako dulani. Ndipo mumuuze Lorne asamaseke, ndikumuona."

Anadula ndi macheka mpaka dzuwa kupendeka, n'kukhoma matabwa pamene panatseguka. Lole inanyamuka moyenda ngati ng'ombe yotopa, a Lorne ali patsogolo ndi galimoto ya a Stella. A Orest maso anali pagalasi loonera kumbuyo. Matayala ankasiya mizere yonyowa, ndipo pa kamlatho kakumadambo anatitimira pang'ono, nyumba n'kupendekera kumanzere. Kenako inawongoka.

Atafika pamsewu wa tala a Orest anaimitsa lole, n'kutsika. A Stella anatsitsa galasi.

"Mwaimiranji? Mawa ndili ndi chipatala eiti koloko."

A Orest anakweranso, n'kuliza injini.