Kutseka Gasi pa Nyumba ya Siwa

Ntchito ya mapaipi a gasi anandipezera ndi Mayi Zulu. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nditasiya sukulu pakatikati, ndikugona pasofa m'nyumba ya mnzanga ku Lanham, kuno ku Amereka. Mayi Zulu anali a ku Chipata. Tinkapemphera mpingo umodzi, ndipo ife anyamata a ku Malawi ndi ku Zambia tinkawatenga ngati mayi wathu wotibereka. Lamulungu lina anandiyang'ana nsapato n'kupukusa mutu.

"Iwe, manje uzingonkhala chabe? Mailo upite ukaone aHollis, amuna ake a mnzanga wa kunchito. Afuna munthu wosaopa matope."

Mawa lakelo ndinapitadi. AHollis anali mkulu wachikuda wa konkuno, kapitawo pa kampani ina yaing'ono yoyendera mapaipi. Zolankhula sanali nazo. Tsiku loyamba anamasula nati pang'ono pa mita ya gasi n'kundiuza kuti ndinunkhize. "Mphuno ndiye chida chako choyamba," anatero. "Zinazi n'zogula."

Ntchito yathu inali pa paipi yochoka pamsewu, yodutsa pansi pa kapinga, n'kukwera pakhoma kukalowa m'mita. Pokwerapo timati raiza, ndipo dzimbiri limakonda pamenepo, pomwe chitsulo chatulukira m'nthaka. Kamera inali chinthu chachilendo masiku amenewo: kakang'ono ngati chala chamanthu, komangirira kunsonga kwa chingwe cholimba. Tinkailowetsa m'paipi gasi akuyenda, kudzera pakachibowo ka labala komwe kankagwira chingwecho kuti mpweya usathawe. Ine ndinkakankha chingwe, aHollis n'kumaonera pakanema wosaonetsa mitundu m'vani. Tinalinso ndi kamakina ka singano konunkhiza gasi, ndi botolo la madzi a sopo opaka m'malo olumikiza. Ine amene ndinakwera ndege kudzaphunzira zauinjiniya ndinkaswera chogwada ngati mkamwini wopepesa kwa apongozi.

Tsiku limene sindiliiwala linali la mu Januwale, nthaka itauma gwa ndi chisanu. Tinapatsidwa msewu wina ku Columbia Heights, womwewo ankakhala Mayi Zulu, ndipo ndinkakondwera kale ndi tiyi wawo. Tikuyandikira nyumba yawo ndinamva nyimbo ya pamaliro. Mnzanga wina wa kumpingo anali pamasitepe, ndiye anandiuza kuti Bambo Zulu anagwa kuntchito dzulo lake, mtima. Komwe ndinkagona kunalibe foni. Thupi linali kumotchale, kudikira ulendo wa kumudzi.

AHollis anavula chipewa. "Timalize nyumba inoyi msanga, kenako ukalowe," anatero. "Tisawasokoneze kawiri."

Ndinagwada pa mita, pansi pa zenera lomwe amayi ankaimbira, n'kuyamba kukankha chingwe. Sichinapite patali aHollis anagogoda pagalasi la vani. Pakanema pankaoneka madzi akunyezimira m'paipi, makoko a dzimbiri, ndi mng'alu wakuda cha pokhotera raiza. Anatenga kamakina kaja n'kutsikira m'chipinda chapansi. Nthaka ikauma ndi chisanu, gasi wothawa sapeza potulukira kumwamba. Amatsata paipi mpaka m'nyumba. AHollis anatuluka akuyenda mofulumira, zomwe ndinali ndisanazionepo.

"Nyumba yonse ituluke. Ndi anthu ako, kawauze m'chinenero chawo. Asakhudze swichi, asayatse kalikonse. Ine ndikukatseka pamsewu."

Ndinavula majombo pakhomo. Nthawi inalibe, koma pa siwa munthu sulankhula chiimire, ndipo sulunjika kwa namfedwa. Amuna anali pabalaza, amayi atadzaza chipinda chamkati, ena akuphikira anthu kukhitchini, mbaula zonse zikuyaka. Ndinagwada pambali pa akulu ake a malemu, omwe anali atafika m'mawa kuchokera ku Fairfax. Anandigwira dzanja poganiza kuti ndadzakhuza maliro.

"Pepani, bambo," ndinanong'ona. "Gasi akutulukira pansi pa nyumba. Tizimitse moto, anthu onse atuluke."

Anachotsa dzanja lawo. "Mng'ono wanga sanaikidwe, iwe ukuti tizimitse moto? Mlamu wanga atuluke m'nyumba ya mwamuna wake? Unaziona kuti zimenezo?"

Ndinali ndisanazionepo kwina kulikonse. Kwathu moto wa pamaliro suzima, ndipo namfedwa sasuntha pamphasa mpaka zonse zitatha. Mkuluyo sankachita makani. Kutali kuno kunalibe manda a makolo, kunalibe adzukulu. Mwambo wokhawo umene akanatha kumuchitira mng'ono wake unali umenewu, ndipo ine ndinabwera kudzaulanda.

Nthawi yomweyo malawi a kukhitchini anafota n'kuzima. AHollis anali atatseka. Amayi anatuluka ndi zipande m'manja, nyimbo inaduka pakati, ndipo maso onse anali pa ovolosi yanga.

"Ni ndani uyo?" Anali mawu a Mayi Zulu, osasa ndi kulira. "Musendezeni kuno."

Ndinayenda ndi mawondo mpaka pakhomo la chipinda. Anali pamatiresi pansi, atafunda chitenje kumutu.

"Ni zoona, mwana wanga?"

"N'zoona, amayi. Koma mungotuluka pang'ono chabe. Tikonza, pofika madzulo mubwerera." Ndinkakhulupirira zomwe ndinkanenazo.

Anatembenukira kwa mkulu uja. "Alamu, maliro amodzi anikwana."

Amayi awiri anawadzutsa. Mayi Zulu sanatenge kanthu, ngakhale jekete la amuna awo lomwe linali pamsomali. Atafika pakhomo anacheuka n'kuyang'ana mpando wopanda munthu wa pakona. "AZulu, tachokako pang'ono," anatero, ngati akupita kumsika. Anthu anawatsata mwakachetechete, n'kukaima kutsidya kwa msewu, zitenje zikuuluzika ndi mphepo. Palibe anavulala.

Siwa inasamukira kuholo ya kumpingo. Ine sindinapite nawo. Ndinali m'dzenje pambali pa khoma ndi piki, kuswa nthaka youma, ndipo misozi yanga ya Bambo Zulu ndinakhetsera momwemo. Raiza tinaisintha tsiku lomwelo. Koma poyesa mapaipi a m'kati mwa nyumba, sopo ankachita thovu paliponse polumikiza. AHollis anakhoma loko pa mita, chifukwa mapaipi amenewo anali oti akonze mwini nyumba, poti aZulu ankangochita lendi. Mwini nyumbayo anazengereza mpaka dzinja la kuno linatha.

Mayi Zulu anaperekeza thupi ku Chipata kuchokera kunyumba kwa anzawo, ndipo sanabwererenso ku Amereka. Katundu wawo anawalongedzera ndi anthu ena, m'nyumba yozizira. Mkulu wa malemu uja tinkakumana kumpingo zaka zambiri, koma moni wanga ankangouyankha ndi mutu. Sindinamuimbepo mlandu.

Ntchitoyi ndinakalamba nayo, ndipo nyumba zomwe ndatulutsamo anthu n'zambiri. Kutseka sindizengereza, ngakhale mwini nyumba alire kapena atukwane. Koma aliyense akafika pakhomo amacheuka n'kufunsa funso lomwelo, kuti abwerera liti. Pakamwa pamafuna kunena mawu omutonthoza munthu. Ine ndimamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti sindikudziwa.