Bambo wa M'mabatire Ophika

Munthu asandiuze za rapu. Ine ndinakulira pa kaseti imodzi yokha, ndipo mpaka lero ndimati palibe ina yoiposa, ngakhale woimba wakeyo sanabadwepo n'komwe.

Amalume ndiwo anaisiya kwathu ku Chinyunyu pochokera ku Lusaka. Inalibe chikuto, inalibe chithunzi, anangolembapo ndi bolopeni kuti RAPU. Wailesi yathu inkadya mabatire asanu ndi limodzi, ndipo atsopano anali a atate, omvera nkhani basi. Ine ndinkatola otha, n'kuwamanga m'pulasitiki, n'kukawaviika m'kasupe wa madzi otentha wa kwathuko, pafupi ndi anthu ophika mazira. Akafunda ankatsitsimuka pang'ono, kaseti n'kumazungulira mwaulesi.

Eee, koma mawu amenewo! Bambo wa mawu okhuthala ngati nkhunzi, wolankhula mosapupuluma, ng'oma ikugunda du... du... mpaka m'mimba. Chingerezi chake sindinkachimva, koma ndinkadziwa kuti ndi chimunthu chachikulu, chandevu, choti chinaonapo mavuto. Ndinamukonda kuposa amalume eniakewo. Zaka ziwiri ndinayeserera kulankhula ngati iye, mpaka amayi anandikokera kuchipatala poganiza kuti ndadwala chifuwa.

Msuweni wanga wa ku Lusaka atabwera patchuthi ndi makaseti ake a zikuto zonyezimira, ndinamuseka. "Iwe, awa ndi ana. Akuthamangira kuti? Rapu yeniyeni sithamanga."

"Bwera naye bambo wakoyo timumve," anatero.

Tsiku limenelo mabatire anga anali atafa kotheratu, ngakhale kasupe anawalephera. Tinapita kumsewu, pomwe minibasi ya ku Rufunsa inaima kudikira anthu. Ndinalowetsa mutu pazenera, ndi mawu anga aja okhuthala: "Ba dalaivala, ikani iyi anthu amveko nyimbo."

Anaika. M'masipika munatuluka mtsikana. Mtsikana wa mawu akuthwa, waliwiro ngati nkhanga, ng'oma ikudumphadumpha pambuyo pake.

"Mwaika ina," ndinatero.

"Ndi yako yomweyi, mwana iwe," anayankha ba dalaivala.

Ndinatchera khutu. Mawu omwe aja, mzere ndi mzere, amene ndinawaloweza pamtima. Msuweni anakhala pansi m'fumbi ndi kuseka, misozi chuchuchu. Amayi ena ogulitsa nthochi anatula dengu n'kuyamba kuvina, ati kamtsikanaka kakuimba bwino. Ndipo kankaimbadi bwino, n'chimene chinandipweteka kwambiri. Ndinachita manyazi, koma chachikulu chinali chisoni, ngati ndauzidwa za maliro.

Ndinatenga kaseti yanga osatsanzika. M'mawa mwake ndinatola mabatire ena otha kuseri kwa kantemba kogulitsiramo zinthu, ndinakawaphika kukasupe, ndinawaika m'wailesi. Bambo wanga anabwerera, du... du..., wotopa monga kale, osadziwa chilichonse cha zomwe zinachitika kumsewu.

Sindinamuuze.