Tsiku limene ndinatseka pakamwa m'shopu

Tinalipo asanu m'shopu yokonzera makina ya pa esiteti ya tiyi m'mawa umenewo: bwana injiniya, kapitawo wathu wa kwa Changata, mkulu wowotcherera zitsulo, mwana wanga wachisamba, ndi ineyo. Mwanayo anali atangomaliza sukulu ya zaumisiri, ndevu zili kale pachibwano, ndipo anamulemba ntchito m'shopu yomweyo imene ine ndinamereramo imvi.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, sindibisa. Koma kafunseni aliyense kufakitale ya tiyi, makina osemera zitsulo aja anali anga. Shafuti ya makina a tiyi ikathyoka mvula ili pakati, masamba atadzaza, ankathamangira kwa ine. Ndikakuwa kuti "sipanala!" ngakhale amene ali kutali kusikelo ya masamba ankamva.

Kunabwera chaki chatsopano, chija chimagwira chitsulo chikamazungulira. Chaki sichikhala chokha pamakina. Kumbuyo kwake pamafunika mbale yachitsulo, ndipo m'bowo la mbaleyo umasemamo mazinga ofanana ndendende ndi a pamphuno ya makina. Athu anali mazinga asanu ndi atatu pa inchi. Mbale inabwera imodzi yokha. Ukaiphonya, yapita kudzala.

Ndinali nditapinda kale manja a ovolosi. Bwana anandidutsa ngati chitsa, mbale ija n'kupatsa mwana wanga.

"Madala, lero pumulani. Tione za kusukulu."

Kapitawo naye: "Mpando uwo, madala. Kapena tikufulireni tiyi?"

Anaseka onse. Mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira hamala ineyo!

Pambali pa makina aja pali kachitsulo kolembedwa manambala, kouza munthu magiya oti aike. Mwana wanga anakapukuta ndi chala, n'kuwerenga mokweza, Chingerezi chili thi. Koma kachitsuloko kankanama. Kalekale giya ina ya mkati inathyoka mano, ndipo ndinaikapo ina yochokera pamakina akufa, ya mano osiyana. Ndinkadziwa ndine ndekha. Ine sindinkawerenga manambala, ndinkawerenga mano ndi chala.

Mwanayo anaika magiya monga kachitsulo kananenera. Ndinaona. Mawu anafika pakhosi, ndinawameza. Mumtima ndinkati, aiphonye, adziwe mwini makina. Ndikunena za mwana wobereka ndekha, inde. Ndinakhala pampando uja, manja pamimba, phee.

Analiza makina. Mpeni wosemera unayandikira bowo la mbale. Kenako anacheuka n'kundiyang'ana, ine maso kudenga. Anacheukanso kachiwiri. M'malo molowetsa mpeni mozama, anangokanda pang'ono, kamzere ngati tsitsi, n'kuzimitsa. Analowetsa lula m'bowomo, akuwerenga milomo ikugwedera.

"Asanu ndi awiri. Iyayi, pali chalakwika."

Anatsegula chitseko cha magiya, anatenga choko, n'kuyamba kuwerenga mano limodzilimodzi ngati mmene ndimachitira ine. Giya yanga ija anaipeza. Analemba masamu papepala, anasintha magiya ena, n'kuyambiranso. Posakhalitsa mbale inalowa pamphuno ya makina ndi dzanja limodzi, osagwedera, osalimba.

Bwana anamugwira paphewa. "Mwaona, madala? Ubwino wa sukulu. Makina akhala akunama zaka zonsezi, wawagwira lero lomwe."

Wowotcherera anaomba m'manja. Za ine amene ndinawayendetsa zaka zonsezo ndi giya yobwereka, palibe anatchula. Ndinapita kukanola mipeni yomwe inali yakuthwa kale.

Poweruka tinadzera njira ya m'munda wa tiyi, iye kutsogolo akukankha njinga, ine kumbuyo. Ndinali ndisanamuyankhule. Titafika pamlatho anaima.

"Ababa, mumadziwa za giya ija."

Ndinasuzumira madzi pansi pa mlatho. Iye anapitiriza:

"Chibadwire changa sindinakuonenipo mutakhala chete munthu akugwira makina anu. Ndikamachita bwino mumakuwa kuti ndikuchedwa. Mutangoti phee, ndinadziwa kuti ndikupita kuphompho. Mawa mudzandionetse zina zimene munasintha mkatimo. Mudzakuwe mmene mungathere, bwana amve kuti mwini makina ndi inu."