Ndinataipa Mudzi wa Eni

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi Amake Tisa, anansi athu ku Nangongwe, amene ankachapa zovala m'nyumba za ku Kafue Estates. Ine ndinali nditangomaliza kosi ya taipi ku Lusaka, satifiketi ili phee m'sutikesi. Kwa miyezi ingapo ndinkangoima pageti la fakitale ya nsalu ndi atsikana anzanga, tonse titapesa bwino, kudikira kuti mlonda atiuze kuti tibwere mawa. Panali patangopita zaka zochepa chilandirire ufulu. Mafakitale ankamera m'Kafue, malole a zitsulo ankadutsa tsiku lonse, ndipo aliyense ankati ntchito zilipo. Zinalipodi, koma za amene ali ndi kalata yomuchitira umboni.

Tsiku lina Amake Tisa anandiitana pampopi.

"Iwe Esnati, mzungu wanga afuna wotaipa. Si vya ku fakitale iyai, ni vyake chabe. Ukasebenza bwino azakulembela kalata."

Mzunguyo dzina lake linali Ruedi, koma Kafue yense ankati Ba Ludi. Anachokera ku Switzerland kudzamanga makina oluka nsalu ndi kuphunzitsa anthu athu kuwayendetsa, ndipo anatsala ndi miyezi itatu kuti abwerere kwawo. Anali munthu wamtali, wosalankhula zambiri, Chinyanja chake chopindika ngati waya wa mpanda. Anandionetsa kope lakuda lolembedwa pamanja m'Chijeremani. Analilemba ndi malemu bambo awo, amene anali mphunzitsi pamudzi wawo, ndipo munali mbiri ya mudziwo ndi malo ake onse. Ba Ludi ankalimasulira m'Chingerezi ndi pensulo. Kalekale njala inathamangitsira mabanja ambiri a pamudzipo ku Amereka, ndipo tsopano zidzukulu zawo, zosadziwa Chijeremani, zinkalemba makalata kufunsa kumene zinachokera. Ntchito yanga inali yotaipa zomasulirazo pa stensulo kuti apukuse pamakina osindikizira timabuku totumiza kwa anthu amenewo.

Amene sanagwirepo stensulo sangadziwe nkhanza zake. Ndi pepala lopyapyala lopakidwa phula, ndipo sutaipa ndi inki. Umayamba wachotsa riboni, kenako kutsuka zilembo ndi kaburashi, zina n'kuzitokosa ndi phini, makamaka o ndi e zimene zimasunga litsiro. Chilembo chimadula phulalo, ndipo inki imadzadutsa m'mabalawo popukusa. Ukamenya mofooka sichioneka. Ukamenya mwaukali, mimba ya o imathothoka n'kusiya bowo, ndipo tsamba lonse limatuluka ndi madontho akuda. Ukalakwitsa umapaka mankhwala ofiirira onunkha ngati opaka m'zikhadabo, n'kuuzira mpaka aume. Taipulaita ya Ba Ludi inalinso ndi khalidwe lakelake: z anakhala pamalo pa y. Sabata yoyamba ndinamaliza botolo la mankhwala, ine wa satifiketi.

Lamulo lawo linali limodzi. Stensulo ukaitulutsa usanamalize, poibwezera mizere sikumananso, ndiye yaonongeka basi. Ankandiuza akuloza ndi chala: "Ikalowa, ituluke yatha."

Motero ndinaphunzira mudzi umene sindinauonepo. Uli m'chigwa chopapatiza pakati pa mapiri awiri, moti miyezi ina yozizira dzuwa silifika n'komwe panyumba za kumunsi. Pakati pamadutsa mtsinje wochokera m'chipale, madzi oundana a pamwamba pa mapiri, madzi ake otuwa ngati osukira mpunga. Nyengo yofunda ng'ombe za mudzi wonse zimakwera kuphiri zitavala mabelu, n'kukakhala komweko miyezi ingapo ndi abusa ochepa amene amapanga tchizi, ndipo banja lililonse limadziwa kuti likweze ng'ombe zingati. Pamwamba pa nyumba pali nkhalango yoletsedwa kudula ngakhale mtengo umodzi, chifukwa ndi imene imagwira chipale kuti chisagumukire anthu. Chaka china makolo awo anaidula, ndipo mutu wotsatira unali mndandanda wa mayina a amene anakwiririka. Ndinataipa za mlandu wa msipu umene anakangana ndi mudzi woyandikana nawo kwa mibadwo ingapo, za mlatho umene madzi anaukokolola kawiri, za amuna kusonkhana pabwalo la tchalitchi n'kugamula nkhani pokweza manja. Ngakhale miyala ya m'malire inali ndi tsamba lake.

Kunyumba tinalipo awiri, ine ndi atate. Amayi, amene kwawo kunali ku Shimabala, anamwalira ndili kusukulu. Atate anachokera kum'mawa ali mnyamata, atakangana ndi amalume awo, ndipo anakalamba akunyamula njanji m'gulu lokonza msewu wa sitima kufupi ndi mlatho wa Kafue. Kwawo sanabwerereko ndipo sankakutchula. Pamene ndinkayamba ntchito anali atapuma, chifuwa chikuwadya pang'onopang'ono.

Ndikaweruka ankandifunsa zimene ndataipa tsikulo, ndipo ankaseka mpaka kutsokomola.

"Ng'ombe kuvala belu? Ziyenda ku tchalitchi?"

Koma nditawauza chifukwa chimene timabukuto tinkapangidwira, sanaseke. Anayang'ana zala zawo. Kenako anati, "Nanga mudzi wanga uzataipa liti?"

Ndinayesa nthabwala, koma sinali. Anandiuza kuti kwawo anasiya mlongo wawo mmodzi, wamng'ono kwa iwo, amene anawaperekeza mpaka pamsewu tsiku limene ankachoka. "Nikafa, mlongo wanga akamve," anatero. "Pa reji, chitupa changa cha boma, pali chabe dzina ya mudzi na mfumu, koma ninamvela kuti anasamuka. Njila ili mumutu muno. Ulembe mitsinje, mapili, na anthu ofunsa."

Pensulo inalipo m'nyumba. Mapepala analipo, ndinkabwera nawo ndekha oonongeka a kuntchito. Koma ine ndinali wotaipa, ndipo ndinaona kuti kulemba mbiri ya atate ndi pensulo kuseri kwa pepala lotayidwa n'kuwanyoza, pamene miyala ya Ba Ludi ikulowa pa stensulo. Ndinawauza kuti adikire ndimalize bukulo, ndidzabwereka taipulaita, tidzachita bwinobwino, mutu pamwamba, mizere yowongoka. Atate zinawasangalatsa. Anayamba kuuza anzawo kuti mwana wawo adzawataipa monga mzungu. Akayamba kufotokoza, ine ndinkawadula: "Sungani, Atate, muzakamba pa mashini." Tinapusa tonse awiri, koma wamkulu pa kupusako ndinali ine.

Ba Ludi anavomera kuti ndikamaliza ndidzatenge taipulaita Loweruka ndi Lamlungu. Ndeke yawo inali ya Lolemba. Makina opukusira anawabwereka a Loweruka m'mawa basi, choncho stensulo yomaliza inayenera kutha Lachisanu.

Lachisanu m'mawa atate sanadye phala. Anali atakhala pamphasa atatsamira khoma, akupuma ngati munthu amene wakwera chitunda.

"Lelo usayende," anatero.

"Yasala imodzi chabe, Atate. Nizabwela na mashini, tiyambe lelo lomwe."

Anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu kuti chabwino. Ndinapempha Amake Tisa, amene tsikulo sankachapa, kuti aziwasuzumira, ndipo ndinanyamuka.

Ba Ludi anali kufakitale kukatsanzika. M'nyumba munali makatoni okhaokha, patsala tebulo, mpando ndi taipulaita. Ndinatsuka zilembo, ndinalowetsa stensulo, ndinaiwongola. Tsamba lomaliza linali la buku la mabanja. Pamudzipo, m'nyumba ya khonsolo, amasunga buku la banja lililonse la pamenepo. Munthu angabadwire kutali, angakhale sanapondepo m'chigwamo, ngati ali mwana wa mudziwo dzina lake limalembedwa. Kale akasauka kuchilendo, mudzi unkayenera kumulandira ndi kumudyetsa. Ndinkataipa zimenezi mosaganiza, monga mmene wotaipa amachitira, maso papepala, zala zikuyenda zokha.

Nditapitirira theka, cha m'ma 11 koloko, chithunzithunzi cha munthu chinatseka windo. Anali Amake Tisa, chitenje chili m'manja, thukuta lili kamukamu.

"Esnati. Tiye ku nyumba."

"Ni chani?"

"Tiye chabe, mwana wanga. Atate ako atisiya."

Ndinamva bwinobwino. Ndinayang'ana stensulo, ndinawerenga mizere yotsala papepala la pensulo. Inali khumi ndi umodzi. Ndinati, "Nabwela," ndipo ndinapitiriza kutaipa.

Anthu amandifunsa chimene ndinkaganiza. Palibe. Sindinamve chisoni, sindinamve mantha, m'chifuwa munangoti zii ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Ndinkamva kulira kwa zilembo ndi kabelu ka kumapeto kwa mzere. Amake Tisa analowa n'kuima kumbuyo kwanga, akulira motsitsa, osandigwira. Mizere khumi ndi umodzi ija ndinaitaipa popanda cholakwa ngakhale chimodzi, ndipo m'miyezi itatu yonse ndi tsamba lokhalo limene sindinapakepo mankhwala. Ndinaitulutsa, ndinaiunika pawindo kuona ngati pali o wothothoka, ndinaiika m'katoni yake. Kenako ndinabwezera riboni, ndinavundikira taipulaita ndi kuinyamula, poti tinagwirizana kuti ndiitenga.

Pakhomo tinakumana ndi Ba Ludi akutsika m'galimoto. Amake Tisa ndi amene anawauza. Anandiyang'ana, anayang'ana katoni ya stensulo patebulo, n'kufunsa chifukwa chake sindinasiye pomwepo.

"Ikalowa, ituluke yatha," ndinawayankha.

Sindinanene mowadzudzula, ndinangobwereza lamulo. Koma nkhope yawo inafiira mpaka m'makutu. Anatitenga pagalimoto mpaka ku Nangongwe, ine taipulaita ili pamiyendo. Azimayi anali atayamba kale kusonkhana. Anandiona ndikutsika ndi chikesi chachitsulo, ndikudutsa pakati pawo maso ali gwa, n'kukachilowetsa pansi pa tebulo. Ndikudziwa kuti anandinena, ndipo sindiwaimba mlandu.

Loweruka kunabwera madoda a kum'mawa amene ankagwira ntchito ndi atate panjanji. Mmodzi, a Zulu, anandiitanira pambali.

"Mama, uthenga wa maliro tipeleke kuti? Anakuuzani njila?"

Ndinawapatsa reji ya atate. Anaitembenuza, anapatsirana. Mfumu yaikulu ankaidziwa, koma dziko lake ndi lalikulu. Mudziwo panalibe anaumvapo. A Zulu anandifotokozera mofatsa kuti kwawoko mudzi umatchedwa dzina la mwini wake, ndipo akamwalira kapena anthu akagawikana, dzina limatha kusintha, mudzi n'kusamukira kutsidya kwa dambo. Anafunsa ngati ndikudziwa mtsinje kapena phiri lapafupi. Ndinatsegula pakamwa, ndipo zimene zinabwera m'mutu zinali mtsinje wotuwa ndi nkhalango yoletsedwa kudula. Pamenepo ndiye manyazi anandigwira, chinthu choyamba kuchimva chimwalirire atate.

Tinawaika Lamlungu ku Kafue konkuno, pafupi ndi amayi. Titabwerako kumanda ndinatulutsa taipulaita ija n'kutaipa kalata ya maliro, ndi pepala limodzi la kaboni kuti nditsale ndi yanga, yopita ku dzina la pa reji kudzera kuboma la kumeneko. Inali yowongoka bwino. Lolemba m'mamawa ndinabweza taipulaita, ndipo Ba Ludi anandipatsa kalata yaumboni ndi kabuku kamodzi konunkha inki. M'kalatamo analemba kuti ndine wotaipa wosasiya ntchito pakati. Kalata imeneyo inandilowetsa mu ofesi ya fakitale sabata yotsatira, ndipo ndinataipa kumeneko mpaka tsitsi linachita imvi.

Kalata ya maliro inabwerera patapita miyezi iwiri, yosatsegulidwa, itadindidwa kuti mudziwo sukudziwika. Patapita zaka ndinakwera basi ndekha kupita kum'mawa, reji ili m'chikwama. Ndinayenda masiku anayi ndikufunsa m'masukulu ndi m'zigayo. Anthu anali okoma mtima, ankandipatsa madzi ndi mpando, ndipo aliyense ankayamba ndi funso lomwelo, loti ndikufuna yani.

Atsikana amene ndinawaphunzitsa taipi m'zaka zonsezo ndinkawauza za riboni, za kaboni, za kusamenya o mwaukali. Lamulo la Ba Ludi ndinkawapatsanso, chifukwa pa stensulo ndi loona. Koma ndinkawonjezera langa: munthu wamkulu akati lemba, lemba pomwepo, ndi chilichonse chimene chili pafupi, ngakhale khala pakhoma. Kukongoletsa udzachita pambuyo. Ena ankaseka, poti sizinali mu silabasi.

Funso la anthu a kum'mawa lija sindinathe kuliyankha, ndipo mpaka lero sindingathe. Atate ankangoti "mlongo wanga", ndipo ine ndinkadikira mashini kuti ndiwafunse dzina lake.