Zala zitatu

Ndikakumbukira chaka cha Giredi 9, chimene chimayamba kubwera m'maso ndi bolopeni yanga, yotafunidwa kumapeto ngati nzimbe. Unali mwezi wa Okutobala ku Tembwe, nyenje zikulira, malata a kalasi akununkha kutentha, mayeso ali pafupi. Ndikamawerenga ndinkatafuna bolopeni. Njala ikandigwira ndinkakukuta chimanga chokazinga, ndipo mnzanga wogona naye pamphasa ankati ndimakukuta mano kutulo ngati mbuzi. Ndikayasamula, nsagwada inkalira kuti thwa pafupi ndi khutu.

Mwezi womwewo a Madamu, aphunzitsi athu ochokera kutauni, anandisankha kuti ndidzawerenge chimangirizo changa pamsonkhano wa makolo Lachisanu. Ndinali ndisanasankhidwepo pa chilichonse, ndipo atate analonjeza kuti adzasiya kukonza munda n'kubwera.

Lolemba la sabata ya msonkhanowo ndinadzuka pakamwa pakukana kutseguka. Chala chimodzi chokha ndicho chinkalowa pakati pa mano. Sindinauze munthu. Popeza ndinali mwana wosayankhula, masiku atatu anadutsa palibe amene anadabwa. Ndinkamwa madzi okha, pepala la chimangirizo lili m'thumba.

Lachinayi ndinayeserera kuwerengako m'kalasi. Mawu anga ankatulukira m'mano.

"Manje iwe, tsegula pakamwa! Ukuwerengera nyerere?" anatero a Madamu. Kalasi inaseka. "Ngati ndi manyazi, bweretsa pepalalo, awerenga wina."

Sindinalipereke. Ndinaika chala pakati pa mano kuti aone pamene chikulekezera. Anasiya choko, nanditenga panjinga mpaka kukiliniki. Anesi anandigwiragwira m'masaya, kenako anasolola bolopeni m'thumba mwanga n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Anati nsagwada yatopa: ndisiye bolopeni, chimanga ndi nzimbe, ndizidya phala, ndizithowa ndi madzi ofunda mpaka zala zitatu zizilowa.

Lachisanu zinalowa ziwiri. Ndinawerenga choncho, khutu likuwawa, ndipo a kumbuyo sanamve kanthu. Koma a Madamu anali atawakhazika atate pabenchi lakutsogolo, ndipo ndinaona milomo ya atatewo ikutsatira mawu anga.

Ndinkaganiza kuti kukhala chete n'kusavutitsa anthu, koma kunatsala pang'ono kundilanda tsiku limenelo. Mpaka lero, ndikamasamba kumaso m'mawa, ndimayamba ndayesa zala zitatu.