Uthenga wa Maliro Wopita ku Bangkok

Mayi Esnat Chikaonda amasamalira okalamba panyumba ina ku Barking, kuno ku England. Asanabwere kuno anali a geni. Ankapita ku Bangkok kukaoda zovala n'kudzazigulitsa ku Limbe, koma mukawafunsa za mzindawo amangokumbukira msika wa Pratunam, kutentha, ndi chipinda chimene ankagonamo amayi angapo pamwamba pa mabelo.

Geniyo anaisiya m'manja mwa mng'ono wawo Dyna. Tsiku lina bambo wodziwika kumpingo anapempha Dyna kuti amunyamulireko kachikwama, monga tonse timanyamulirana katundu paulendo. M'kachikwamamo munali mankhwala ozunguza bongo. Dyna ali m'ndende ku Bangkok mpaka lero, ndipo bambo uja akuyimbabe kwaya kumudzi.

Kumayambiriro kwa chaka chino amayi a Esnat ndi Dyna anamwalira. Mayi Esnat anapita kukaika maliro, tchuthi chawo chonse n'kuthera komweko. Dyna sanauzidwe. Abale anagwirizana kuti uthenga wotere sungaperekedwe pakalata kwa munthu amene alibe womugwira akagwa. Pafunika wachibale akamuuze pamaso. Mayi Esnat atapempha masiku ena kuntchito, anayankhidwa mwaulemu kuti malamulo amalola kukalira maliro, osati kukawalengeza.

Nthawi yomweyo mwana wawo Stephanie, wobadwira konkuno ku Lewisham, anali atamaliza maphunziro ndipo ankakonzekera kukayendera dziko la Thailand ndi anzake awiri, aliyense chikwama kumsana. Amayi ake anamupempha tsiku limodzi lokha pa ulendo wonsewo. Stephanie Chichewa amamva koma amayankha m'Chingelezi, choncho anamuphunzitsa mawuwo akupinda zovala.

"Usakathamangire. Uyambe wamulonjera, umufunse za m'thupi. Kenako unene kuti, amayi aang'ono, agogo anatisiya."

Mtsikanayo anabwereza mpaka lilime linazolowera.

Zithunzi zinayamba kufika pafoni. Stephanie ali pawindo la sitima yochokera ku Chiang Mai, minda ya mpunga ikudutsa. Stephanie ali pakachisi wa denga lagolide atavala chitenje chobwereka. Stephanie ali mumsewu wa malo omwera mowa, akumwera limodzi ndi anzake m'kandowa ka pulasitiki. Mayi Esnat ankaziona ali m'sitima ya mumzinda yotchedwa District popita kuntchito. Sanakwiye nazo, ndipo sanasangalale nazo. Anangozindikira kuti mzinda umene unawameza m'bale wawo uli ndi mbali ina, yotsegukira amene ali ndi pasipoti yoyenera.

Tsiku lake litakwana, Stephanie anasiya anzake akugona, navala siketi yaitali, n'kupita kundende. Anaimba foni atatuluka. Kuno kunali m'mawa, ndipo Mayi Esnat anayankhira m'chipinda chochapira, makina akuzungulira.

Stephanie anafotokoza kuti anaonana ndi Dyna kudzera pagalasi, akulankhula pafoni pakati pa phokoso la anthu ambiri. Dyna atamuona anaseka, nati mphumi imeneyo ndi ya Esnat, sangaisokoneze. Anamunyoza chifukwa cha tsitsi losapesa, namufunsa ngati ku England zipeso zinatha. Chiyambire kumangidwa, wachibale woyamba kumuona anali Stephanie. Dyna analankhula osapuma, za msuzi wa m'ndendemo, za nyimbo zimene amaphunzitsa akaidi anzake. Belu litalira anagwira galasi n'kunena kuti akapereke moni kwa agogo ake kumudzi, ndipo awauze kuti asamalime okha, msana uja suchedwa kuwavuta.

"Ndiye unamuuza?" anafunsa Mayi Esnat.

Stephanie anayankha m'Chichewa chake chosweka: "Ndinalephera, amama. Anali kuseka."

Sindimuweruza mwanayo. Anamusenzetsa katundu amene akuluakulu onse, a kumudzi, a kumpingo ndi a kuntchito, anamupeza wolemera n'kumupatsirana mpaka anafika pamsana pa wamng'ono.

Mayi Esnat anafunsa ngati Dyna waonda. Anauzidwa kuti pang'ono. Anafunsanso ngati mano ali nawo onse, ndipo Stephanie anati sanayang'anitsitse. Amayi ake anamuuza kuti palibe kanthu, apite akadye, asamale chikwama m'sitima.

Atadula foni anatulutsa nsalu zofunda m'makina n'kuzipinda. Mnzawo Towela atalowa anawafunsa za ku Thailand, iwo anati mwana akusangalala. Dyna, monga akudziwira iye, amayi ake akadali moyo, ndipo tchuthi china cha Mayi Esnat chidzabwera chaka chamawa.