Maso a Amayi Analibe Ng'ala

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene makina osokera a amayi anasiya kutidyetsa. Ku Chawama aliyense anali atathamangira salaula, zovala zovalidwa kale zotsika mtengo, ndipo ine monga mwana woyamba ndinati ndikayese kwina. Ndinapeza ntchito yolera ana. Lamlungu ndinkangobindikira m'kachipinda kanga, wosungulumwa, kudikira kuti mng'ono wanga Misozi ayimbe foni ya vidiyo.

Misozi ndiye anayamba kudandaula kuti amayi akuwomba zitseko, akuponda mabeseni, tsiku lina njinga inawagunda osaiona. Ine ndinali nditaona ng'ala ya apongozi a abwana anga: diso limachita mtambo woyera, amapanga opaleshoni, munthu n'kuonanso. Basi ndinadziyesa dokotala. Ndinati Misozi awayandikizire foni amayi. Maso anali owala bwino, opanda mtambo, osafiira, ndipo amayi anati sakupweteka. Analowetsa ulusi pasingano ine ndikuona. Ndinaseka, n'kunena kuti ndi ukalamba chabe, ndipo ngati ndi ng'ala tidikire ikhwime. Khirisimasi iliyonse ndinkawatumizira magalasi a pamsika pa basi, kwinaku ndikudzitama kuti ndine mwana wosamala.

Tsiku lobwerera ndinaima pakhomo ndi zikwama zanga. Amayi anali pamakina, ine chapambali pawo, pafupi ndithu. Sanatembenuke. Ndinayesa andikwiyira.

Nditazindikira kuti sanandione, tinapita nawo kuchipatala. Anawayeza maso, ndipo dokotala anati si ng'ala, ndi glakoma. Madzi a m'diso amapanikiza mtsempha pang'onopang'ono, popanda ululu, diso likuoneka labwinobwino. Imayamba kudya m'mbali n'kusiya pakati, n'chifukwa chake singano ankaiona. Ng'ala amachotsa, koma zimene glakoma yadya sizibwerera. Mankhwala odontheza akanayamba kale, zambiri zikanapulumuka. Anati ine ndi Misozi tiyezetsenso, poti imayenda m'magazi.

Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana. Kunyumba ndinapeza magalasi anga onse ali m'chitini cha mabatani, osavalidwa. Misozi anangopitiriza ntchito zake, ndipo bola akanandilalatira.

Tsopano ndimawadonthezera mankhwala tsiku ndi tsiku kuti kampata kotsalako kasatsekeke. Tsiku loyamba ndinakhala pambali pawo pabedi, ndikufunafuna mawu opepesera. Anafufuza dzanja langa, n'kundikokera.

"Nkhala kutsogolo kwanga, mwana wanga," anatero. "Kumbali sinikuona. Nifuna niyang'ane nkhope yako pamene nikali kuona."